Mwamuna Akatupa Mawere, Mpeni Umabwera Pomaliza

Mwamuna wa vuto ili ndimamudziwa asanatsegule pakamwa. Amalowa m'chipinda changa atavala jekete m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mapewa atawerama ngati wasenza thumba la chimanga. Amayamba kudandaula za mutu, kenako za msana, ndipo pamene akufuna kutuluka m'pamene amanena motsitsa mawu: "Adokotala, palinso kena pachifuwa apa." Wina anandiuza kuti anasiya kuvina ingoma pa mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni, chifukwa kumeneko mwamuna amavina chifuwa chili pamtunda. Zinandikhudza. Manyazi otere amadya munthu zaka zambiri, chonsecho ndi vuto lomwe ife madokotala a opaleshoni timalidziwa bwino.

M'mabuku timalitcha gynaecomastia. Mwamuna aliyense ali ndi kamnofu ka bere kuseri kwa nsonga, ndipo m'thupi mwake muli mahomoni achimuna ndi achikazi omwe. Achikazi akapambana mphamvu, kamnofu kaja kamakula. Anyamata ambiri zimawachitikira akamatha msinkhu, cha pazaka 13 kapena 14, ndipo kwa ochuluka zimaphwa zokha pasanathe zaka ziwiri. Mnyamata wotere sindimugwira ndi mpeni. Ndimauza makolo kuti si kulodzedwa, ndipo asamutemetse mphini pachifuwa, poti zipsera zake zidzatsala bere litaphwa kale.

Kwa wamkulu, funso langa loyamba ndi lakuti: mukumwa chiyani? Efavirenz, amene anali m'ma ARV ambiri tisanasamukire ku dolutegravir, amadziwika kuti amakulitsa mawere. N'chimodzimodzi spironolactone wa mtima, cimetidine wa zilonda za m'mimba, komanso jakisoni amene anyamata ena onyamula zitsulo amadzibaya kuti atupe minofu. Kachasu akawononga chiwindi, mawere amakula. Nthenda ya impso kapena chotupa cha m'machende zimatero nazonso, n'chifukwa chake ndimapima ndi kumusi komwe, ngakhale wodwala adabwe. Pano ndikupempheni ndi mtima wonse: musasiye ma ARV panokha chifukwa cha mawere. Pitani kumene mumalandira mankhwala, akakusinthireni. Ndi bwino kuchita manyazi tsiku limodzi pamaso pa namwino kusiyana ndi kudzutsa kachilombo kamene kanagona.

Pali china chimene sindichisekerera. Khansa ya m'mawere imagwiranso amuna. Padziko lonse, mwa odwala 100 pafupifupi mmodzi ndi mwamuna. Chotupa cholimba ngati mwala, cha mbali imodzi, nsonga yolowa m'kati kapena yotuluka magazi, mwanabere m'khwapa: izi sizidikira kuti mukolole kaye. Timadula kanyama n'kukapimitsa, ndipo ikapezeka khansa, njira imaloza ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka.

Bere likakhala kupitirira chaka limalimba, ndipo mankhwala saliphwetsanso. Apa ndiye timakamba za opaleshoni. Yambirani kukiliniki yakwanu, akulembereni kalata yopita kumene kuli madokotala a opaleshoni, monga Chipata Central Hospital kapena St Francis ku Katete. Tidzapima magazi, shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Wosuta fodya asiye milungu ingapo tsikulo lisanafike, chifukwa utsi umachedwetsa bala kupola.

Tsikulo mumabwera osadya kwa maola osachepera 6. Ku fiyeta ambiri timawagonetsa tulo, ngakhale kabere kakang'ono tingathe kungokachititsa dzanzi. Ndimacheka motsatira m'mphepete mwa khungu lakuda lozungulira nsonga, chakumunsi, ngati mwezi wokhala kumene, kuti chipsera chibisale pamene mitundu iwiri ya khungu ikumana. Kudzera pamenepo ndimachotsa mnofu uja, koma ndimasiyako pang'ono kuseri kwa nsonga. Luso lonse lagona pa kamene kasiyidwako: ukachotsa zonse pamatsala dzenje looneka moipa kuposa bere lija, ukasiya kambiri munthu amati sunachite kanthu. Ntchito yonse imatenga ola limodzi kapena awiri. Ngati chochuluka ndi mafuta, pamafunika makina oyamwa mafuta, amene si chipatala chilichonse chili nawo, ndipo mwina mungatumizidwe ku Lusaka. Bere lalikulu kwambiri limafuna kuchotsanso khungu, choncho chipsera chake chimakhala chachitali. Izi ndimazinena tisanalowe, osati pambuyo.

Mukadzuka mudzapeza bandeji yomanga chifuwa, mwinanso kapaipi kotulutsa magazi otsalira, kamene timachotsa pakapita tsiku limodzi kapena awiri. Ululu ulipo, koma umamvera mankhwala wamba. Chovuta chimene timakumana nacho kawirikawiri ndi magazi kuundana m'kati: mbali imodzi ikatupa msanga n'kulimba, bwererani tsiku lomwelo. Bala likatentha, kutuluka mafinya, kapena thupi likatentha, bwereraninso. Nsonga ingathe kuchita dzanzi miyezi ingapo, ndipo kwa ena ochepa kumva sikubwerera konse. Ife akhungu lakuda tili ndi vuto linanso: zipsera zotukumuka, zija mumaziona pa makutu obooledwa. Ngati thupi lanu limatero, ndiuzeni poyamba.

Chovala chothina chifuwa mudzachivala milungu 4 mpaka 6. Wa ntchito ya muofesi angabwerere patatha sabata, koma kuno kwathu ambiri timadya za khasu ndi njinga. Wopalasa njinga yonyamula anthu kapena matumba a makala, wolima, woumba njerwa, adikire milungu 6 yathunthu. N'chifukwa chake mlimi ndimamulangiza kusankha miyezi ya Juni kapena Julayi, mbewu zili m'nkhokwe, kunja kukuzizira, bandeji siyisautsa ndi thukuta. Ndipo musadziyang'ane pagalasi sabata yoyamba n'kutaya mtima. Kutupa kumatenga miyezi itatu kapena kuposerapo kuti kuphweretu.

Mnofu wochotsedwa kawirikawiri sumeranso, pokhapokha chimene chinaukulitsa chikapitirira, kaya ndi mowa, jakisoni uja kapena kunenepa.

Inu bambo amene mwawerenga izi mutavala jekete pa dzuwa, bwerani tidzakupimeni, ndipo mutenge mapaketi a mankhwala onse amene mukumwa.