Wakhungu Amene Anaŵerengera Mayendedwe a Mliri

Mliri ukagwa m'dera, ambiri amadwala, koma pakapita nthaŵi umazilala wokha, ena osawakhudza n'komwe. Kodi chimauletsa n'chiyani? Mmodzi mwa anthu amene anayankha funsoli ndi William Kermack, katswiri wa masamu ndi sayansi ya mankhwala wa ku Scotland.

Kermack anabadwa mu 1898 m'tauni ya Kirriemuir, ndipo anaphunzira masamu pa yunivesite ya Aberdeen. Mu 1921 anayamba ntchito m'nyumba yofufuziramo za matenda ku Edinburgh. Tsoka linamgwera mu 1924: mankhwala amene ankasakaniza anaphulika namuthira m'maso, ndipo sanaonenso mpaka imfa yake. Apo n'kuti ali ndi zaka 26 zokha. Ntchito sanaisiye ayi. Anzake ankamuŵerengera mabuku, iye n'kumasunga masamu ovutawo m'mutu.

Mkulu wake pantchitopo anali Dr. Anderson McKendrick, amene anagwirapo ntchito nthaŵi yaitali ku India. Mu 1927 aŵiriŵa anafalitsa zimene anapeza. Iwo anagaŵa anthu a m'dera m'magulu atatu: amene sanadwalepo koma angathe kudwala, amene akudwala ndipo akupatsira anzawo, ndi amene achira kapena kumwalira. Tsono anaŵerengera m'mene anthu amachokera m'gulu lina kuloŵa m'gulu linzake. Poyesa masamuwo, anawayerekeza ndi chiŵerengero cha anthu amene anafa ndi mliri wofalitsidwa ndi utitiri wa makoswe mumzinda wa Bombay, ku India, mu 1905 ndi 1906, ndipo zinagwirizana ndithu.

Chachikulu chimene anapeza n'chakuti mliri sungabuke pokhapokha anthu a m'gulu loyamba lija atachuluka kupitirira mlingo wina wake. Akachepa kuposa pamenepo, wodwala mmodzi amalephera kupatsira ngakhale munthu mmodzi asanachire, motero matenda amafera panjira. Taganizani za moto wa kutchire. Pamene udzu uli wothithikana umalusa, koma ukafika polambula kapena popsa kale umazima, ngakhale kutsidya kwake kuli udzu wouma. N'chifukwa chake mliri umatha pamene anthu ena osadwala akalipo.

Madokotala a pambuyo pake anamanga pa maziko ameneŵa. Katemera amachotsa munthu m'gulu loyamba popanda kumdwalitsa, monga mlimi alambulira munda wake moto usanafike. Chikuku ndicho chovuta kwambiri, pakuti pakati pa anthu osatetezedwa wodwala mmodzi angathe kupatsira anthu 12 mpaka 18. Kaamba ka ichi, pafunika kuti ana 95 mwa ana 100 alionse alandire katemera wake kaŵiri kuti chikuku chisoŵe poloŵera. Ichi n'chimene anamwino amaumirira kuti mubwere ndi mwana kusikelo pa tsiku lolembedwa pa khadi, ngakhale m'mudzi mulibe wodwala. Khanda la mnansi wanu limene silinafike miyezi 9, msinkhu wolandirira katemera woyamba, limatetezedwa ndi ana otemeredwa amene alizungulira.

Kermack anafufuzanso za mankhwala a malungo. Mu 1949 anabwerera ku Aberdeen kukakhala mphunzitsi wamkulu pa yunivesite imene anaphunzirapo, ndipo anaphunzitsa kufikira 1968. Anamwalira mu 1970, atakhala wakhungu zaka 46.