Otchola tiyi ku Chipinge ndi ku Honde

Wotchola tiyi amadziwika ndi zala zake: zakuda ndi utomoni, zong'aluka m'mphepete. Dengu lili kumsana, manja onse awiri ali m'tchire, ndipo chimene akufuna ndi masamba awiri anthete ndi kansonga. Akaponyamo masamba okhwima, kapitawo amabweza dengu. Mawu omaliza ndi a sikelo, poti malipiro amatsata makilogalamu, ndipo nthawi ya dzinja tiyi akaphuka, nkhomaliro imadyedwa choimirira.

Ku Chipinge, m'Zimbabwe, tiyi adayamba kulimidwa m'ma 1920 pa esiteti ya New Year's Gift, chiyambi cha kampani ya Tanganda, imene ilinso ndi maesiteti a Ratelshoek, Jersey ndi Zona. Kumpoto, m'chigwa cha Honde, kuli maesiteti a Eastern Highlands ndi Aberfoyle. M'makomboni a m'minda yotereyi mudakhala anthu ochokera ku Mozambique ndi ku Malawi, matchona amene ana awo adabadwira komweko. Mu Disembala 1976, nkhondo ya ufulu ili mkati, antchito 27 adaphedwa usiku umodzi pa esiteti ina ya ku Honde.

Chodabwitsa n'chakuti mwa Amalawi amene adatsikira ku Rhodesia (Zimbabwe wa lero) kukasaka ntchito, odziwika ambiri adachokera dera limodzi la m'mphepete mwa nyanja, boma la Nkhata Bay. Clements Kadalie wa ku Chifira adakhalapo kalaliki pa mgodi wa Shamva asanakayambitse bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Aleke Banda, wa ku Tukombo, adakulira ku Kwekwe. Awa adali anthu a cholembera, ndipo mabuku amawakumbukira. Wadengu dzina lake limathera m'kaundula wa kalaliki wa pasikelo.

Lamulo la unzika la 2001 lidasiya ambiri mwa ana a matchona opanda dziko, kufikira malamulo aakulu a 2013 adazindikira obadwira m'Zimbabwe kwa makolo a m'maiko a SADC. Pa nkhani za malipiro, otchola tiyi amawalankhulira ndi a bungwe la antchito la GAPWUZ. Koma ntchito yeniyeniyo ikusintha: makina otchola akulowa m'minda, ndipo ku Chipinge malo ena amene kale adali a tiyi tsopano adadzala makedemiya ndi mapeyala.