Tikamaliza pa intaneti, tisasiye chitseko chotsegula



Ambiri kuno ku Chintheche timabwerekana foni ndi kompyuta. Wophunzira amatsegula imelo pa foni ya malume ake, wina amalemba mafomu a NCHE pa kompyuta ya m'kafe. Ndi bwino tidziwe zomwe zimatsala m'chipangizocho tikachoka.

Adiresi ya tsamba ikayamba ndi https, foni ndi seva zimayamba zagwirizana kiyi wachinsinsi wobisira mauthenga, kuti munthu wapakati asawawerenge. Njirayi imatchedwa TLS. Inachokera ku SSL ya kampani ya Netscape ya mu 1995, ndipo mtundu wa TLS 1.3 unakhazikitsidwa mu 2018.

Kugwirizanaku kumafuna mauthenga angapo opita ndi kubwera, ndipo kumene netiweki ikuvuta kumachedwetsa. N'chifukwa chake seva imapatsa foni kachiphaso kotchedwa session ticket. Foni ikabweranso imangoonetsa kachiphasoko, kulumikizana n'kupitirira mwachangu. Mu TLS 1.3 kachiphasoka sikaloledwa kupitirira masiku 7.

Pali chiphaso china chimene tiyenera kusamala nacho kwambiri. Tikalemba dzina ndi pasiwedi pa Facebook kapena Gmail, tsambalo limasiya kachizindikiro kotchedwa cookie m'bulawuza. Kuyambira pamenepo seva sifunsanso pasiwedi, imangoyang'ana cookie. Zili ngati tiketi yokwerera Ilala kupita ku Usisya: amene waigwira m'manja ndiye amakwera. Wina akakhala pa kompyuta yomweyo ife titachoka, seva imamuyesa ife. TLS imateteza uthenga uli pa ulendo, koma singadziwe amene wakhala pampando. Kungotseka tsamba nthawi zambiri sikuchotsa cookie ayi.

Tsono tizichita izi. Tikamaliza tizidina Log out, pakuti ndipo pamene seva imafafaniza chiphasocho. Pa chipangizo cha eni, tisavomere kuti bulawuza isunge pasiwedi, ndipo tizitsegula zenera la Incognito kapena Private, n'kulitseka pomaliza. Pa WhatsApp tiziona gawo la Linked devices ndi kuchotsa chipangizo chilichonse chomwe sitikuchidziwa. Foni ikatayika, tisinthe pasiwedi tsiku lomwelo ndi kutulutsa akaunti pa zipangizo zonse.

Akomiti ya mzikiti, ngati kaundula wa Zakaat ndi zopereka ali pa imelo imodzi, mlembi akasintha pasiwedi isinthenso. Mayina a abale olandira thandizo si oti aliyense aziwaona.

Nanga tikapeza akaunti ya mnzathu ili yotsegula? Imeneyo ndi amaana. Qur'an, mu Surah Al-Hujuraat, imatiletsa kufufuza zinsinsi za anzathu. Tisawerenge kanthu; timutsekere akauntiyo, kenako timuuze mwaulemu kuti adzasamale ulendo wina. Makolo, chonde kambiranani izi ndi ana kunyumba, ndipo aphunzitsi adzazibwereza m'kalasi, Insha Allah.