Chirundu Chomangidwa ndi Manja a Munthu

Nsomba zouma zimene amayi amagula pa msika wa Lufita, m'boma la Chitipa, zimakhala zitayenda ulendo wautali. Zambiri zimachokera ku Nyanja ya Malaŵi, nizikwera mapiri pa mseu wa Karonga, mtunda wa makilomita pafupifupi 100. Zikachepa m'nyanjamo, kamulu ka pa msika kamachepanso, koma mtengo wake sutsika ai. Tsono nkhani ya pansi pa madzi imakhudza ngakhale munthu amene sanakwerepo bwato.

Asodzi a kumpoto amachidziŵa bwino chirundu, thanthwe lotumphuka pansi pa nyanja pamene utaka umasonkhana, ndipo mpomwe amaponya chilimira. M'maiko ena anthu anafunsa kuti: kodi pamene palibe thanthwe lotere, munthu sangalimange yekha?

Ku America analimangadi, ndi zinthu zotha ntchito. Potsatira lamulo la 1984, nsanja zachitsulo zokumbira mafuta m'nyanja ya Gulf of Mexico zinayamba kusiyidwa pansi pa madzi kuti zikhale mudzi wa nsomba. Kuyambira 2001 mabogi akale a sitima za mu mzinda wa New York anamizidwa kufupi ndi gombe la Delaware, ndipo mu 2018 zigumukira za konkire za mlatho wa Tappan Zee zinamizidwanso. Pa zinthu zotere pamamera ndere ndi tinkhono, tinsomba timapeza pobisala, zikuluzikulu nkumabwera pambuyo.

Koma si chinyalala chilichonse chimene chingakhale chirundu. M'zaka za m'ma 1970 matayala pafupifupi 2 miliyoni anamizidwa pafupi ndi Fort Lauderdale ku Florida. Zomangira zake zitadyeka ndi dzimbiri, matayalawo anamwazika ndi mafunde nawononga matanthwe enieni, kotero kuti mu 2007 asilikali odziŵa kumira anatumidwa kukaŵavuula. Chomizidwa chiyenera kukhala cholemera, chamapanga, chopanda mafuta ndi utoto wapoizoni.

Kuno ku Malaŵi phunziro lalikulu lili pa Nyanja ya Malombe. Kumeneko makoka a nkacha ndi a kambuzi anakokolola udzu wa pansi momwe ana a chambo ankabisala, ndipo pofika kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 chambo chinali chitatsala pang'ono kutheratu. Mu 1993 boma linayambitsa makomiti a asodzi m'madoko. Pambuyo pake, pakati pa 2014 ndi 2019, ntchito ya FISH yothandizidwa ndi USAID inathandiza asodzi kumiza milu ya nthambi za mitengo m'malo oletsedwa kuphamo nsomba. Nthambi zimawola, pamene konkire imakhala zaka zambirimbiri, komanso imang'amba khoka la wozembera usiku. Mlonda wotere safuna malipiro.

Akatswiri amatsutsanabe pa funso limodzi: kodi chirundu chomanga chimachulukitsa nsomba, kapena chimangosonkhanitsa zotsala zija pamalo amodzi? Ngati chingosonkhanitsa, ndipo aliyense aloledwa kuponyapo ukonde, ndiye kuti munthu wamanga msampha wotsirizira zimene anafuna kupulumutsa. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima nsomba zasungika popanda konkire, chifukwa mfumu imatseka usodzi m'nyengo ya dzinja ndipo anthu amamvera. Mphamvu ili m'chiletso, mwala umangothandizira.

Gombe la Karonga ndi lamchenga m'malo ambiri, kotero wina angaganize kuti mpoyenera kuyesapo. Ayenera kudziŵa kuti usipa, ndiwo ya masiku onse, umayenda pamtunda pa madzi akuya ndipo sulabadira miyala; wopindula angakhale utaka ndi tinsomba ta m'matanthwe. Ayeneranso kuyang'ana mitsinje ya Songwe ndi Lufilya, imene dzinja lililonse imatsika nalo dothi la m'minda ya m'mapiri a Chitipa. Chirundu chomizidwa pafupi ndi mathiriro ake chingakwiririke m'matope ndere isanamere nkomwe.