Gologolo wa ku Alaska wayamba kudzuka msanga

Aliyense amene anakumbako mbewa chimanga chitalowa m'nkhokwe amamudziwa kapuku. Umamupeza kumapeto kwa una atadzipinda, thupi lonse mafuta okhaokha, ndipo ukamugwira amakhala wozizira, kuthawa osathawa. Anyamata amati ndi ulesi. Ine ntchito yanga ndi kufufuza za tinyama toyamwitsa, ndipo ndikamuika m'manja ndimaona kanyama kamene kachepetsa dala moto wa m'thupi kuti mafuta amene kanasunga akafike nawo ku dzinja.

Anthu amandifunsa kuti nyama zotere zimagona bwanji miyezi yonseyo. Timeneti si tulo ayi. Katswiri pa luso limeneli ndi gologolo wokhala m'mauna kumpoto kwa Alaska, amene wamkazi amatha miyezi pafupifupi isanu ndi itatu ali pansi. Mu 1989, Brian Barnes wa pa yunivesite ya Alaska ku Fairbanks anaonetsa kuti thupi la gologoloyu limazizira mpaka madigiri 2.9 pansi pa ziro, kupyola pamene madzi amaundana, magazi ake osaundana. Mtima umangogunda kangapo pa mphindi. Pakapita masabata awiri kapena atatu amayamba kunjenjemera mpaka thupi litatentha, amakhala choncho maola angapo, kenaka n'kuziziranso. Kudzitenthetsa kumeneku ndiko kumamudyera mafuta ambiri. Choncho mafuta ake ali ngati chimanga cha m'nkhokwe: chiyenera kukwanira mpaka zakumunda zitacha.

Apa ndi pamene kusintha kwa nyengo kwalowerera. Mu 2023 magazini ya Science inafalitsa zimene ofufuza anapeza atatsata agologolowa kwa zaka 25. Nthaka ya kumeneko tsopano imachedwa kuundana ndipo imasungunuka msanga. Aakazi ayamba kutuluka masiku pafupifupi 10 msanga kusiyana ndi kale. Aamuna sanasinthe. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti wamwamuna satuluka atangodzuka. Amayamba wakhala masabata angapo mu una thupi lili lotentha, akudya njere zimene anasunga, podikira kuti mphamvu yobereka ibwerere, pakuti imazilala chaka chilichonse. Zikapitirira chonchi, wamkazi azidzatuluka ali wokonzeka mnzake asanakhwime, chonsecho nyengo yolerera ana kumeneko ndi yaifupi kwambiri.

Musaganize kuti nyama zonse zikuvutika mofanana. Ku Colorado kuli nyama yonenepa yonga mbira yotchedwa marmot. Kafukufuku wa mu 2000 anapeza kuti inkadzuka masiku 38 msanga poyerekeza ndi zaka 23 m'mbuyomo, ndipo kwa kanthawi zinaiyendera bwino: inkadya nthawi yaitali, n'kunenepa, n'kuchulukana. Ku Alberta, m'dziko la Canada, agologolo ena akuchita kuchedwa kudzuka chifukwa chipale chofewa chikumagwabe pa nthawi imene amayenera kudzuka.

Koma nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya marmot wa m'mapiri a Alps ku France. Ambiri amaganiza kuti chipale chofewa ndi mdani wa nyama yogona pansi. Chipalechi ndi bulangete lake. Chikaunjikana pamwamba pa una, mphepo yozizira siifika pansi. Chikachepa, nthaka imazizira kwambiri, marmot amawotcha mafuta ochuluka kuti asafe, ndipo mayi amatuluka atawonda n'kubereka ana ochepa. Dziko latentha, koma iye mu una mwake akumva kuzizira koposa kale.

Mvula ikachedwa kuno kwathu, Novembala n'kutha kumwamba kuli mbee, maso athu amakhala pa mbewu zimene tadzala. Ine ndimakumbukiranso kapuku ali pansi pa munda womwewo, mafuta akumuthera, udzu wanthete ndi njere zatsopano zisanaoneke.