Maola a ntchito yodzipereka: kawerengedwe ndi kalembedwe kake pofunsira sukulu ya zachipatala

Pakati pa tsiku lomaliza mayeso a MSCE ndi tsiku lolowa koleji pamadutsa miyezi yambiri, kwa ena chaka n'kupitirira. Achinyamata a ku Ntaja, Nselema, Chikweo ndi ku Ulongwe amene mtima wawo uli pa udokotala kapena unamwino sakonda kungokhala pakhomo nthawi imeneyi. Ena amathandiza alangizi a zaumoyo pa sikelo ya ana, ena amalowa gulu la Red Cross, ena amayenda khomo ndi khomo pa kampeni ya katemera kapena yogawa masikito. Ntchito yake ndi yabwino. Mutu umadzaima pambuyo pake, fomu ikafunsa kuti: munayamba liti, munasiya liti, maola onse ndi angati, nanga angakuchitireni umboni ndani? Apa ambiri amangoyang'ana kudenga n'kulemba nambala imene yawakomera.

Tisanafike pa manambala, tiyambe tadziwa amene amafunsa funsoli, chifukwa si onse. Munthu wochokera ku sekondale amalowa ku mayunivesite a boma kudzera m'masankho oyendetsedwa ndi bungwe la NCHE. KUHeS, yomwe inayamba mu 2021 College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zitaphatikizidwa, ili m'gulu lomwelo. Chimene chimayang'anidwa kumeneko ndi satifiketi: makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, ndipo kwa ofuna udokotala, mmene anakhozera Biology, Chemistry, Physics ndi Masamu. Wina akakuuzani kuti kuonekera pa chipatala tsiku ndi tsiku kudzakutsegulirani khomo la KUHeS pomwe Biology munapeza 7, akukupusitsani. Ndi bwino nthawi imeneyo muigwiritse ntchito pokonzekera kulembanso mayeso.

Kumene maolawa amalemera ndi kwina. Makoleji ena a zaumoyo, a boma ndi a mipingo omwe, amaitana ofunsira malo ku mayeso olowera kapena ku intavyu, ndipo kumeneko funso loti “munayamba mwagwirapo chiyani kwanuko?” limabwera. Opereka masikolashipu nawonso amafuna kudziwa zimene munachitira dera lanu. Mabungwe olemba ntchito za m'midzi amayang'ana CV. Ndiye pali mafomu akunja, amene amafuna nambala yeniyeni. Fomu ya AMCAS, yomwe masukulu ambiri a udokotala ku America amagwiritsa ntchito, ili ndi malo 15 olembapo ntchito zimene munthu anachita, ndipo pa iliyonse amafuna masiku, maola ndi dzina la munthu woti afunsidwe. Maola amene mwagwira kale amalembedwa padera, amene mukuyembekeza kudzagwira nawonso padera. Sikolashipu ya Chevening ya ku Britain, yomwe ndi ya anthu amene ali kale ndi digiri, imafuna maola 2,800 a ntchito yogwiridwa munthu atamaliza digiriyo, ndipo ntchito yodzipereka imaloledwa kulowamo. Mwina zimenezi zikuoneka kutali kwa munthu amene wangomaliza Fomu 4 pa CDSS, koma zaka zisanu si zambiri, ndipo amene anazolowera kulemba adzapeza zonse zili m'manja.

Kulemba molondola kumayamba tsiku loyamba, osati tsiku la fomu. Musangofika pa chipatala n'kuyamba kunyamula mafayilo chifukwa namwino wina ndi azakhali anu. Lembani kalata yopempha chilolezo, ipite kwa mkulu wa chipatalacho, a inchaji, ndipo iwo akuuzani ngati nkhaniyo ikufunika kukafika ku ofesi ya zaumoyo ya boma. Kwa a ku Ntaja ofesi imeneyi ili ku Liwonde, kumene kuli chipatala chachikulu cha boma la Machinga. A ku Ulongwe, Utale ndi Phalula yawo ili pa boma la Balaka. Mkulu wa ofesiyi pakamwa pa anthu amatchedwa a DHO. Kalata yokuvomerani muisunge ngati satifiketi. Imaonetsa tsiku limene munayamba ndi ntchito imene munaloledwa kuchita, ndipo tsiku lina munthu akadzakayika, pepala limeneli ndi limene lidzayankhe.

Kenako gulani kope, la masamba 40 lomwe lija lakwana. Tsiku lililonse lembani deti, malo, nthawi yoyambira, nthawi yowerukira, ntchito imene mwagwira m'mawu ochepa, ndipo amene amakuyang'anirani asaine pambali. Ngati kusainitsa tsiku ndi tsiku kukuwatopetsa, asaine kumapeto kwa sabata, zinthu zikadali m'mutu. Jambulani masambawo pa foni mwezi ukatha, chifukwa makope amanyowa ndi mvula, ena amadyedwa ndi chiswe.

Tsopano masamu ake. Tiyerekeze mtsikana amene amathandiza pa sikelo Lachiwiri lililonse kwa miyezi 6, kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 12 koloko masana. Miyezi 6 ndi masabata 26. Koma masabata ena mtsinje unadzaza, sabata ina kunali maliro pamudzi, ina kunali kukolola, ina anadwala malungo. Tinene kuti anajomba masabata 6. Atsala 20. Maola 4 kuchulukitsa ka 20 ndi 80. Nambala yake ndi imeneyo. Koma amene sanalembe kalikonse amaganiza motere: “Ndinagwira miyezi 6, tsiku la ntchito ndi maola 8,” n'kulemba 208, ndipo wina wolimba mtima amawerenga ngati ankapita masiku onse a sabata n'kufika pa 1,000. Mtsikanayu sanafune kunama ayi, wangowerenga mwaulesi. Koma wowerenga fomu sadziwa za mumtima mwake. Amangoona nambala yosagwirizana ndi kalata ya a inchaji yonena kuti ankabwera Lachiwiri lokha.

Pali maola amene anthu amakonda kulowetsamo koma si ake. Nthawi yoyenda kuchoka kunyumba kukafika kuchipatala, kaya wapansi kaya pa kabaza, siwerengedwa, ngakhale ndikudziwa kuti kwa wochokera kufupi ndi nyanja ya Chiuta ulendowo umaposa ntchito yeniyeniyo. Nthawi ya nkhomaliro siwerengedwa. Lachisanu mukachoka kupita ku Juma n'kubwerera, chotsani maola amenewo. Kukhala pa benchi kudikira galimoto ya katemera imene sinabwere, kumeneko mukhoza kulemba m'kope kuti munafika, koma musakusandutse tsiku lathunthu la ntchito. Maphunziro okonzekera kampeni alembeni padera ngati maphunziro. Ndipo ntchito imodzi isalembedwe kawiri: ngati munayenda pa kampeni ya katemera wa poliyo mutavala chovala cha Red Cross, musailembe kwa Red Cross n'kuilembanso kwa chipatala.

Nkhani ya alawansi imasokoneza ambiri. Pa makampeni mavolontiya nthawi zambiri amalandira kangachepe ka nkhomaliro kapena thiransipoti, n'kusaina pa pepala. Ndalama yotere siichotsa ntchitoyo pa gulu la zodzipereka, koma ndi bwino kuitchula: “ntchito yodzipereka, tinkalandira ndalama ya nkhomaliro yokha.” Mukakhala kuti munasaina kontrakiti ndipo mumalandira malipiro pa tsiku kapena pa mwezi, monga amachitira otolera mayankho a kafukufuku m'midzi, imeneyo ndi ntchito yolipidwa, ndipo ilembeni choncho. Palibe chochititsa manyazi pamenepo. Mafomu ambiri ali ndi malo ake a ntchito yolipidwa. Kumbukiraninso kuti mapepala a alawansi aja amasungidwa m'maofesi. Akhoza kukuikirani kumbuyo, akhozanso kukutsutsani.

Nanga amene anakhala gadiyani? Achinyamata ambiri kuno anagonapo pansi m'chipatala cha ku Liwonde kapena ku Zomba Central masabata angapo, kudikirira mayi kapena agogo, kuwasambitsa, kuwaphikira phala kukhitchini ya magadiyani, kuthamangira namwino usiku diripi ikatha. Kunena zoona, munthu wotere waona zambiri za chipatala kuposa amene ankangolemba mayina pa sikelo. Komabe kudwazika m'bale si ntchito yodzipereka m'lingaliro la fomu, ndipo maola ake musawathire m'bokosi limenelo. Malo ake ndi m'kalata yofotokoza chifukwa chimene mukufunira maphunzirowa, kapena pa intavyu. Kumeneko nenani mmene zinalili, kuti munali gadiyani wa agogo anu, ndipo wofunsa aliyense amene anakulira m'Malawi muno adzamvetsa kulemera kwake.

Chachikulu kuposa nambala ndi mawu ofotokozera ntchitoyo. Chiyeso chimene chimagwira ambiri n'chofuna kuoneka ngati dokotala kale. Wina amalemba kuti ankabaya jekeseni, ankasoka mabala, ankathandiza amayi kuchira. Taganizani amene akuwerenga: ndi madokotala ndi anamwino olembetsedwa ku Medical Council of Malawi ndi ku Nurses and Midwives Council of Malawi, mabungwe amene ntchito yawo ndi kuonetsetsa kuti wogwira thupi la wodwala ndi munthu wophunzira ndi wovomerezeka. Ngati mwanama, mwagwidwa ndi funso limodzi lokha. Ngati n'zoona, mwadziulula kuti munachita zosaloledwa, ndipo mwaika m'mavuto amene anakulolani. Lembani zimene munachitadi: ndinkayeza ana pa sikelo n'kulemba kulemera kwawo moyang'aniridwa ndi mlangizi wa zaumoyo, ndinkaika anthu pa mzere, ndinkamasulira Chiyao kwa namwino amene sachidziwa, ndinkaphunzitsa kathiridwe ka klorini m'madzi akumwa. Kumasulira kumeneku musakupeputse. Pa chipatala cha ku Ntaja, gogo amene Chichewa chimamuvuta akafotokoza ululu wake m'chinenero chake n'kumveka, thandizo lachitika. Kumene munangoonerera, lembani kuti munaonerera. Dzina la wodwala, mudzi wake, kapena chithunzi chake zisapezeke m'kope lanu kapena pa fomu.

Ena anagwira ntchito yaikulu koma nthawi yake sinali yolemba. Wodwala woyamba wa mliri wa kolera umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno anapezeka pa chipatala cha boma la Machinga mu Marichi 2022, ndipo chaka chotsatira namondwe wa Freddy anasiya anthu m'misasa. Amene ankanyamula ndowa za klorini masiku amenewo analibe mpata wa kope. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, khalani pansi ndi amene ankakutsogolerani, muwerenge masabata ndi masiku amene nonse mukuwakumbukira, mutenge nambala yotsika, osati yokwera, ndipo mulembe kuti “pafupifupi.” Fomu ikakhala yolola nambala yokha, ikani yotsikayo n'kufotokoza m'bokosi la ndemanga kuti ndi yoyerekeza.

Kalata ya umboni itengeni mukangomaliza ntchitoyo. Ogwira ntchito m'boma amasamutsidwa. A inchaji amene akukudziwani lero chaka chamawa akhoza kukhala ku Nayuchi kapena ku Mangochi, ndipo wobwera m'malo mwawo sangasainire munthu amene sanamuonepo. Kalatayo ikhale ndi dzina lanu monga lilili pa chiphaso cha unzika ndi pa satifiketi ya MANEB, masiku oyambira ndi omalizira, ntchito zimene munkachita, maola onse, dzina ndi udindo wa wolembayo, nambala yake ya foni, siginecha ndi chidindo. Muwauzenso kuti mwawatchula pa fomu, kuti foni ikadzalira asadzayankhe kuti “ameneyo sindikumudziwa.” Kalata ya a mfumu, a shehe kapena abusa ndi yothandiza pa za khalidwe lanu ndi pa ntchito imene munagwira pamaso pawo, monga kuyendera odwala m'mudzi. Maola a pa chipatala iwo sangawachitire umboni.

Mawu angapo kwa akuluakulu osaina. Kwathu kuno kukana mwana wa mnansi n'kovuta, makamaka bambo ake akabwera okha n'kunena kuti “tangomulemberani chaka chathunthu, apeze poyambira.” Koma chidindo chili pa tebulo lanulo si chanu, ndi cha boma, ndipo kalata ikapezeka kuti ndi yabodza funso loyamba lidzabwera kwa inu. Pemphani kope la mwanayo, muwerenge naye limodzi, mulembe zimene zilimo. Kupanga chikalata chachinyengo, kuba siginecha ya munthu, kapena kupereka chikalata chotere ukudziwa kuti n'chabodza, ndi milandu pansi pa Penal Code. Kupatula khothi, mafomu ambiri amathera ndi mawu olumbira kuti zonse zalembedwazo n'zoona, ndipo amene wasaina pamenepo wapatsa sukulu mphamvu yomulanda malo ngakhale atayamba kale kuphunzira.

Ngati fomu inapita kale ndipo mwazindikira kuti nambala munaikweza, musadikire kuti akufunseni. Lembani kalata yaifupi kwa Registrar wa sukuluyo kapena ku ofesi ya sikolashipu, mutchule dzina lanu, nambala ya fomu, chimene chinalakwika ndi nambala yolondola, muphatikizepo fotokope ya masamba a kope ndi kalata ya umboni. Sungani fotokope ya kalatayo yokhala ndi deti, ndipo ngati mwatumiza pa imelo, musafufute uthengawo. Pa tsiku la intavyu tengani kope lenilenilo pamodzi ndi masatifiketi.