Moto wa kuthambo umene suoneka ku Joubert Park

Mmalawi wotsika basi usiku pa Park Station, kufupi ndi Joubert Park mumzinda wa Johannesburg, akakweza maso sapeza nyenyezi zimene anazolowera kumudzi. Magetsi a nyumba zosanja za ku Hillbrow anazimeza kalekale. Komatu mumzinda womwewu ndi mmene Robert Innes anatulukira Proxima Centauri, nyenyezi yoyandikana kwambiri ndi dzuwa lathu, m'chaka cha 1915. Lero akatswiri a ku yunivesite ya Wits, mtunda woyenda wapansi kuchokera ku Joubert Park, akufufuza zinthu zakutali koposa apo.

Pakati pa milalang'amba ikuluikulu pamakhala chinthu chimene asayansi amachitcha dzenje lakuda, cholemera kuposa dzuwa kamamiliyoni kapenanso kamabiliyoni. Mphamvu yake yokoka ndi yaikulu moti ngakhale kuwala kukalowamo sikutulukanso. Mpweya ndi fumbi zikamagweramo zimayamba zazungulira ngati madzi pa kamvuluvulu wa mumtsinje, n'kutentha koopsa, ndipo zina zimalavulidwa kunja pa liwiro lotsala pang'ono kufanana ndi la kuwala.

Nthawi zina malawi amenewa amabuka modzidzimutsa. Pa 28 July 2006, makina a H.E.S.S. amene ali kumapiri a Khomas ku Namibia anaona mlalang'amba wotchedwa PKS 2155-304 ukulavula cheza champhamvu cha gamma. Chodabwitsa sichinali kukula kwa motowo kokha ayi, koma changu chake: unkakwera ndi kutsika pa mphindi zochepa chabe. Chinthu chachikulu chotero sichiyenera kusintha msanga chomwecho, monga mmene dambo lonse silingayakire ndi kuzima pa kuphethira kwa diso. Akatswiri amati malawiwo analunjika kuno kwathu, ndipo liwiro lake limachititsa kuti zochitika za nthawi yaitali zizioneka ngati za kamphindi. Kuwalako kunanyamuka zaka pafupifupi 1.5 biliyoni zapitazo, pa dziko pano pasanamere mtengo ndi umodzi womwe. Wits ndi yunivesite ya North-West zili m'gulu la mabungwe oyendetsa H.E.S.S.

Mlimi angafunse kuti zimenezi zimukhudza bwanji. Milalang'amba yowala chotereyi ili kutali kwambiri moti imaoneka ngati yosasuntha, choncho akatswiri amaigwiritsa ntchito ngati zikhomo za m'malire a munda. Ku Hartebeesthoek, kumpoto chakumadzulo kwa Johannesburg, chimbale cha mamita 26 chimene chinamangidwa mu 1961 chimatchera khutu ku milalang'amba yotere pofuna kuyeza kazunguliridwe ka dziko lapansi. GPS imene mlangizi wa zaulimi amayezera munda, kapena kulembera malo a mjigo, imadalira miyeso imeneyi. Dzenje lakuda likalavula moto watsopano, chikhomocho chimaoneka ngati chasendera pang'ono, n'chifukwa chake oyezawo amayang'ana zikhomo mazanamazana, osati chimodzi.